Sabata imene oyendera anafika osachenjeza

Ndine namwino pa nyumba yosamalira okalamba, ndipo mbali yomwe ndimayang'anira ili ndi anthu ambiri osatha kudzuka okha pabedi. Lolemba lililonse ndimayamba ndi khungu. Timalowa chipinda ndi chipinda ndi wosamalira mmodzi, kumutembenuza munthu, ine n'kuyang'ana malo amene fupa lili pafupi: kumunsi kwa msana, m'chiuno, zidendene, zigongono ndi kunkhongo. Ndikapeza pofiira ndimadinikiza ndi chala. Pakayera n'kubwereranso, magazi akuyenda. Pakapanda kusintha, chilonda cha pabedi chayamba kale ngakhale khungu lisanang'ambike. Kwa munthu wakhungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga, ndiye dzanja ndi limene limakuuza: pamatentha, pamalimba, kapena pamada kusiyana ndi pozungulira.

Pamafomu timagwiritsa ntchito sikelo ya Braden, yomwe anamwino awiri a ku America, Barbara Braden ndi Nancy Bergstrom, anaifalitsa mu 1987. Imafunsa ngati munthu akumva kupweteka akakhalitsa mbali imodzi, ngati khungu limakhala lonyowa, ngati amayenda, ngati amatha kudzitembenuza, ngati akudya mokwanira, komanso ngati amakhulika pansalu pomukoka. Mapointi amayambira pa 6 kulekeza pa 23, ndipo wa 18 kutsika m'munsi ali pachiopsezo. Lolemba limeneli agogo aamuna ena odwala sitiroko anali pa 12, chidendene chakumanzere chitada. Tinawaikira pilo pansi pa mwendo kuti chidendenecho chisakhudze matiresi, ndipo ndinalemba kuti azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza kakalata kuchokera kwa a usiku, kopempha kuti ndilankhule ndi adokotala apereke mankhwala ogonetsa kwa agogo aakazi ena omwe anachezera kukuwa ndi kuvula zovala. Agogo amenewa ndi ofatsa, Lamlungu ankacheza bwinobwino. Munthu wokalamba akasokonezeka mutu mwadzidzidzi chonchi, choyamba kufufuza ndi thupi: kutentha, kupweteka, kudzimbidwa, kusowa madzi, matenda a m'chikhodzodzo kapena a m'chifuwa. Milomo yawo inali youma gwa, thupi lotentha, ndipo pokodza ankabuula. Adokotala anapeza matenda a m'chikhodzodzo, tinayamba mankhwala oyenera ndi kuwamwetsa madzi pang'onopang'ono. A usikuwo sindiwada, anatopa. Koma njira yogonetsa munthu kuti pakhale bata ndimaikana mpaka pano. Mu 2005 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza kuti mankhwala ena a matenda a misala amawonjezera chiopsezo cha imfa kwa okalamba omwe ali ndi matenda oiwalaiwala a dementia, ndipo mu 2008 chenjezolo linafikanso pa mankhwala akale a mtundu womwewo. Komanso munthu woledzera ndi mankhwala sadya, samwa, ndipo akayesa kuima amagwa.

Lachitatu oyendera ochokera ku bungwe la boma lopereka chilolezo anangotulukira pakhomo, amayi ndi abambo, zitupa zili m'manja. Abambowo anapita nane kuchipinda cha mankhwala. Anatsegula firiji yosungira insulini n'kuona ngati kuzizira kuli pakati pa madigiri 2 ndi 8, n'kufunsa buku lomwe timalembamo tsiku ndi tsiku. Anawerenga mapilitsi a m'kabati yokhoma limodzilimodzi, kuyerekeza ndi buku lomwe timasaina anthu awiri. Zonse zinagwirizana. Amayiwo sanafune mapepala poyamba. Anakhala pakona m'chipinda chodyera nthawi ya chakudya chamasana, kungoyang'ana: kodi omwe amavutika kumeza akhazikidwa mowongoka, kodi wodyetsa wakhala pansi kapena akudyetsa chiimirire mothamanga, kodi akusamba m'manja pochoka kwa uyu kupita kwa uyo. Kenako analowa m'zipinda n'kutseka chitseko, kucheza ndi okalamba popanda aliyense wa ife. Zimenezi ndimazikonda. Munthu amene moyo wake uli m'manja mwako sangakudandaule iwe uli pomwepo.

Madzulo ndi pamene anafika pa mafomu otembenuza. Anawayala patebulo onse pamodzi, a zipinda zosiyanasiyana, n'kundiitana.

"Anamwino, tabwerani muone apa. Usiku mumakhala ndi osamalira angati mbali ino?"

"Awiri, mayi."

"Nanga ofunika kutembenuzidwa ndi angati?"

"20."

Anandionetsa ndi cholembera. Fomu iliyonse inali yosainidwa 10 koloko, 12 koloko, 2 koloko, 4 koloko, popanda yotsala ngakhale mphindi imodzi. Ndiye anawerengera mokweza. Kutembenuza munthu wamkulu bwinobwino kumafuna anthu awiri, ndipo ngati wanyowa muyenera kumupukuta, kusintha nsalu ndi kumudzoza. Tinene mphindi 10. Anthu 20 ndi mphindi 200, pamene maola awiri ali ndi mphindi 120 zokha. Apo belu lisanalire, wina asanagwe, wina asanafune kuchimbudzi. Mafomu aja ankanena chinthu chosatheka.

Nkhani imeneyi ndakhala ndikuilembera eni nyumba kuyambira kale, koma kalata ya namwino imalowa m'kabati. Chimene chimandipweteka ndi mmene bodza la pafomu limabadwira. Wosamalira akasiya mzere wopanda kanthu amaitanidwa ku ofesi. Akadzaza mizere yonse palibe amamufunsa. Aphunzira chiyani? Adzaza. Ndipo fomu yodzaza bwino ndi yoopsa kuposa yokhala ndi mipata, chifukwa ine ndikabwera m'mawa ndimaiwerenga n'kuganiza kuti agogo atembenuzidwa usiku wonse, pamene mwina agonera mbali imodzi maola asanu. Mpata ukanandiuza koyenera kuthamangira.

Lachinayi abwana anaitanitsa msonkhano, ndipo maganizo awo anali oti tipange fomu yatsopano yokhala ndi malo olembapo mphindi zenizeni, komanso osamalira a usiku alembedwe makalata ochenjeza. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Bwana, fomu siitembenuza munthu. Mukawachenjeza atsikanawa osawonjezera dzanja, azingolemba 10:07 m'malo mwa 10:00." Mmodzi wa osamalirawo, mayi wogwira ntchito mwakhama yemwe amadziwa mmene agogo aliyense amakondera kufunditsidwa, anandipeza panja akulira. Anati usiku amasankha: amayamba ndi omwe akudziwa kuti khungu lawo ndi losachedwa kuvulala, enawo amawafikira mochedwa. Kusankha koteroko ndi ntchito ya namwino ndi dokotala, kolembedwa poyera, osati katundu wosenzetsa munthu mmodzi pakati pa usiku. Tinakhala pansi naye n'kusanja anthu onse 20 potengera sikelo ya Braden ndi mtundu wa matiresi omwe akugonera, kuti oyenera maola awiri asaphonyedwe, ndipo ochepa omwe ali pa matiresi ochepetsa kudinikizika, khungu lawo lili bwino, adokotala aone ngati angatalikitsidwe pang'ono.

Tsiku lomwelo mwana wa agogo a sitiroko aja anabwera atamva kuti kuli oyendera. Anafunsa mosazungulira ngati bambo ake akusamalidwa. Ndinamuonetsa chidendene, ndinamufotokozera zimene tikuchita, ndipo ndinamuuza kuti ali ndi ufulu wolankhula ndi oyenderawo payekha. Anapita. Achibale ena amaopa kuti akadandaula, wodwala wawo azunzika iwo akachoka, ndipo mantha amenewo ndi omwe amabisa zoipa zambiri m'nyumba ngati zathu.

Lachisanu oyendera anatiuza mwachidule zomwe apeza lipoti lolembedwa lisanabwere. Anayamikira kasungidwe ka mankhwala ndi ulemu umene osamalira amalankhulira ndi okalamba. Anatipeza olakwa pa ziwiri: kuchepa kwa ogwira ntchito usiku, ndi zolemba zosaonetsa zomwe zinachitikadi. Anafunsanso za agogo ena omwe kulemera kwa thupi lawo kwatsika, poti kutsika ndi 5 peresenti pa mwezi umodzi kapena 10 peresenti pa miyezi 6 kumafuna kuchitapo kanthu, ndipo pamenepo tinali titaitana kale katswiri wa zakudya. Anapempha ndondomeko yolembedwa ya mmene tikonzere zolakwikazo, yokhala ndi masiku ndi maina a oyankhapo.

Eni nyumba avomera wosamalira wachitatu usiku, koma akuti kwa mwezi umodzi kaye. Makalata ochenjeza aja aimitsidwa. A usiku ndawauza kuti alembe nthawi yomwe afikadi pabedi, ndipo pomwe alephera asiye mpata n'kulemba chifukwa, ine ndidzayankhira. Potsanzikana ndinawapempha amayi oyendera aja kuti ulendo wobwereza adzafike 3 koloko usiku, mwezi umenewo utatha. Analemba m'buku lawo.