Oyilo wotchipa kapena wodula: yang'anani manambala kaye

Eni galimoto, musanayang'ane mtengo wa oyilo, tsegulani buku la galimoto yanu. Chofunika ndi manambala awiri: kulimba kwa oyilo, monga 5W-30 kapena 15W-40, ndi mulingo wake, monga API SP pa injini ya petulo kapena CK-4 pa ya dizilo. Oyilo wotchipa amene akukwana manambalawa ndi wabwino kuposa wodula wolakwika.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kutentha. Oyilo wamba wa mineral, amene ndi wotchipa, amapsa msanga, n'kusiya matope akuda amene amatseka timipata todutsa oyilo. Wa synthetic, amene ndi wodula, amapirira moto, ndipo m'mawa injini ikazizira amafika msanga kumutu kwa injini, nthawi imene zitsulo zimadyana kwambiri. N'chifukwa chake injini ya turbo (kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini) musaipatse oyilo wosapirira moto. Turbo imatentha koopsa, oyilo wofooka amauma m'kati mwake ndipo mabeyaring'i amatha. Injini ya dizilo yokhala ndi DPF (sefa yogwira mwaye wa mu utsi) imafuna oyilo wa phulusa lochepa, monga ACEA C3, apo ayi sefayo imatsekeka.

Injini yakale yopanda turbo imayenda bwino ndi wa mineral, bola muzisintha pa makilomita pafupifupi 5,000, pamodzi ndi fyuluta yake.

Chimene chimandipweteka mtima n'kuona anthu akuthira 20W-50 mu injini yofuna 0W-20 poganiza kuti wolimba ndiye wamphamvu. Oyilo wolimbayu amachedwa kuyenda, ndipo VVT (chipangizo chosintha nthawi yotsegulira mavavu a injini) imayamba kuvuta. Chenjeraninso ndi oyilo wachinyengo: chigubu chomatula kale, chisiyeni.