Zaka 5 tikugulitsa kopa wopopera mbewu, nkhani yathu ndi iyi

Mwezi uno bizinesi yathu yakwanitsa zaka 5, ndiye ndati ndilembeko pang'ono poti ambiri mumangotidziwa kuti "aja a kopa aja" koma komwe tachokera simukudziwa. Kopa (copper) ndi chimodzi mwa zakudya za m'dothi zomwe mbewu zimafuna kuti zikule bwino.

Zinayambira m'munda mwanga momwe. Tirigu anamera bwinobwino, feteleza ndinathira wokwanira, koma masamba akunsonga anayamba kuyera n'kumapotana ngati kamchira ka nkhumba, pokolola ngala zambiri zinali mphwepwa zokhazokha. Ine ndimati matenda, ena amati ng'amba, mpaka alangizi ena anandiuza kuti bambo, katengeni dothi ndi masamba mukayezetse. Zotsatira zinabwera kuti dothi langa lamchenga lija kopa ndi wochepa. Ndipomwe ndinadziwa kuti kopa akasowa mungu sugwira ntchito ndiye ngala imatuluka koma osabereka, mapesi amafooka mbewu n'kumagwa, komanso urea ndinkawonjezera uja amangokulitsa vuto. Chinandidabwitsa n'choti mbewu imangofuna pang'ono kwambiri, magalamu chabe pa hekitala yonse, n'chifukwa chake kupopera pa masamba kumatchipa kusiyana n'kuthira m'dothi komwe kumadya makilogalamu angapo.

Nditapita kukagula anandionetsa timabotolo tokongola ta chelate, mtundu wina wa feteleza wa kopa, todula zedi. Ndinakhala pansi ndi cholembera n'kuwerenga pa lebulo kuti kopa weniweni m'katimo ndi wochuluka bwanji. Copper sulphate, wabuluu uja, amakhala ndi kopa pafupifupi 25 pa 100. Copper oxychloride, ufa wobiriwira uja, amafika cha m'ma 50 pa 100. Chelate wa EDTA wa ufa amakhala cha m'ma 15 basi. Kutanthauza kuti ngati ukufuna magalamu 250 a kopa, ndi kilo imodzi ya sulphate kapena theka la kilo ya oxychloride. Masamu amenewa ndi amene anabala bizinesi yathu, kugula matumba akuluakulu n'kumayezera mlimi aliyense molingana ndi munda wake.

Koma chaka chachiwiri ndinaona zakuda abale anga, mpaka lero ndikakumbukira mtima umati phwii. Ndinakomedwa ndi kutchipa kwa sulphate. Mlimi wina yemwe anatikhulupirira anatipatsa munda wake wonse wa tirigu kuti tipopere, anyamata athu analowamo masana dzuwa likuswa mtengo, mbewu inali itafota kale ndi kusowa kwa mvula, madzi m'thanki anachepetsa kuti amalize msanga, ndiye pofuna kuyenda kamodzi anasakanizamonso mankhwala opha udzu. Patapita masiku atatu foni inalira mbandakucha. Nditafika ndinapeza masamba onse apsa m'mbali ngati wina wadutsa ndi muuni, bambo aja anangoima manja ali kumbuyo, sanakalipe, anangoti "ndiye mwati tizitani achimwene?" Kunena zoona bola akanandizazira. Vuto linali langa poti anyamata sindinawaphunzitse. Ndinawabwezera bambowo zomwe analuza, pampu yathu nayonso zitsulo zake zinali zitadyeka chifukwa sulphate ndi chitsulo sizigwirizana.

Nthawi yomweyo amene anatikongoza ndalama zoyambira aja, omwe tsiku losaina amatisekerera, anayamba kuimba m'mawa ndi madzulo chiwongola dzanja chikungokwera. Tinakubwezerani zonse, ndipo sitidzabweranso. Nanunso amene munatitumizira matumba onyowa oundana ngati mwala kenako foni osayankha, mukudzidziwa.

Kuchokera pamenepo zinthu tinasintha. Kwa alimi ambiri timapereka oxychloride poti sawotcha masamba ngati sulphate, kungoti sasungunuka, amangoyandama m'madzi, ndiye sipuleya uziigwedeza pafupipafupi apo ayi amakhazikika pansi n'kutseka nozo. Wofuna sulphate timamupatsa koma ndi malangizo, madzi ambiri, chidebe cha pulasitiki, kupopera m'mawa kapena madzulo kukazizira, mbewu isakhale yofota. Ena amathiramo laimu kuti ukali uchepe, nzeru yakalekale yomwe alimi a mphesa ku Bordeaux ku France anayamba nayo cha m'ma 1880. Nthawi yabwino kwa tirigu ndi balere ndi pamene akuphuka ana m'mbali mpaka phesi likamatalika, akayamba maluwa musayerekeze. Chelate sitimunyoza ayi, amasakanizika bwino ndi mankhwala ena, timasunga wa amene akumufuna.

Ndithokoze mayi akunyumba omwe anagwira mabuku a ndalama nthawi yomwe ine ndimafuna kutseka, anyamata athu opopera omwe pano amadziwa kuyeza kuposa ine, alangizi aja anandituma kukayezetsa dothi, ndi inu nonse amene mumauzana za ife m'minda ndi pa WhatsApp. Koma kwambiri bambo a tirigu wopsa aja, chaka chotsatira anabweranso n'kutipatsa munda womwewo, ine misozi inalengeza.

Nyengo yopopera yayandikira ndipo katundu watsopano wafika, wouma bwino, timayeza mukuona. Bwerani ndi zotsatira za dothi kapena za masamba, ngati mulibe tikuuzani katengedwe kake, chifukwa kopa sitigulitsa mongoganizira, akachuluka amaunjikana m'dothi osachoka ndipo kwa nkhosa ndi nsomba ndi poizoni, zotsukira sipuleya musamatayire kumtsinje. Amene dothi lanu ndi lamchenga, lakuda la m'dambo kapena la laimu wambiri inu ndiye musachedwe. Tilembereni ku inbox kukula kwa munda ndi mbewu yomwe mwadzala, tikuwerengerani magalamu ake ulere, ndipo mukagula pagulu timabwera ndi masipuleya athu.