Basi ya mafuremu 21 ndi pepala la mayeso

Zandilowa tsopano, anzanga, za momwe munthu wosowa nthawi angakonzekerere mayeso, ndipo mtima wakhala m'malo. Amene andimasula mutu ndi anthu othamangitsa magemu, aja a speedrun, opikisana kumaliza gemu mwachangu.

Super Mario Bros ya Nintendo, ya 1985, ili ndi magawo 32, anayi m'dziko lililonse mwa maiko asanu ndi atatu (1-2 ndiye dziko loyamba, gawo lachiwiri). Wothamangitsa amadutsa asanu ndi atatu okha: 1-1, 1-2, kulowa paipi ya warp zone (njira yachidule yodumphira maiko ena) kukatulukira ku 4-1, kenako 4-2, warp zone ina, n'kumaliza 8-1 mpaka 8-4. Akatswiri amaimaliza mphindi zisanu zisanakwane. Izi ambiri mukuzidziwa, sinditayirapo nthawi. Chomwe chandigwira mtima ndi frame rule. Gemuyi imayenda mafuremu (zithunzi zosinthana pa sikirini) pafupifupi 60 pa sekondi, koma ukamaliza gawo, imayang'ana kamodzi kokha pa mafuremu 21 alionse ngati yakwana nthawi yokupititsa ku gawo lotsatira. Ndiye kuti ukapulumutsa mafuremu khumi pakati pa gawo koma osafika pa malire aja, wavutika chabe. Zili ngati mabasi a Rea Vaya a ku Joni: wina wathamanga wefuwefu kuchokera ku Park Station, wina wayenda pang'onopang'ono, onse akwera basi imodzi. Kuthamangako kumapindula pokhapokha kukakukwezetsa basi yomwe yanyamuka msanga. Gawo lomaliza, 8-4, ndi lokhalo lomwe furemu iliyonse imawerengedwa, poti wotchi imaima Mario akakhudza nkhwangwa.

Nawo mayeso ali ndi basi zake. Funso la malikisi 10 lomwe ukupeza kale 9, ngakhale uliwerenge mausiku atatu, lingakuwonjezere likisi limodzi basi. Funso la malikisi 25 lomwe ukupeza 8 ndi pomwe pali basi yomwe ikukusiya. Komatu munthu umathamangira mutu womwe umaudziwa kale, chifukwa umakoma kuwerenga, ndipo usiku ukamagona umadziona ngati walimbikira.

Othamangitsa aja amagwiritsa pulogalamu ya LiveSplit yomwe imadula gemu m'zidutswa, chilichonse ndi nthawi yake, n'kuwonetsa pomwe ukutaya masekondi. Pa pepala la mayeso akale chitani chimodzimodzi. Ngati pepala ndi la malikisi 100 pa maola awiri, likisi lililonse lili ndi mphindi 1.2, choncho funso la malikisi 25 ndi mphindi 30, la malikisi 10 ndi mphindi 12. Jambulani mizere isanu m'kope: funso, malikisi ake, mphindi zololedwa, mphindi zomwe mwadya, malikisi omwe mwapeza mutachonga ndi mayankho. Wotchi ya pa foni ikhale pambali, muzidina lap mukamaliza funso lililonse. Pepala limodzi silikwanira, pafunika atatu a zaka zosiyana, chifukwa tsiku limodzi mukhoza kulephera kaamba ka kutopa chabe. Mukatero mutu womwe ukukudyerani nthawi ndi malikisi omwe uonekera wokha, ndipo nthawi zambiri sukhala womwe mumauopa uja.

Mukaupeza, pangani save state. Wothamangitsa akamafera pa 8-2, sayambiranso ku 1-1 kuti akafike pomwe pali vuto patatha mphindi zitatu. Amasunga gemu pafupi ndi malo ovutawo, n'kudumpha pomwepo kambirimbiri mpaka zala zitazolowera. Inunso sonkhanitsani mafunso a mutu umodziwo kuchokera m'mapepala onse, muwalembe motsatizana, funso lililonse pa mphindi zake zololedwa, kuchonga nthawi yomweyo, kulemba mzere umodzi wonena pomwe munapotoka. Kwa ine palibe njira yoposa iyi. Manotsi, kulemba mizere yamitundu m'buku, magulu owerengera limodzi, zonsezi zimabwera pambuyo.

Zimandipweteka kuti aphunzitsi ambiri sanena izi. Amangoti werengani buku lonse, limbikirani, ngati kuti tonse tili ndi tsiku lathunthu. Munthu wa ku Joni waweruka shifiti ku Fordsburg cha m'ma 7 usiku, waima pa mzere wa tekisi ku Bree, wafika ku chipinda ku Rosettenville, aphike nsima, mwina magetsi athimitsidwanso. Watsala ndi ola limodzi ndi theka, maso akulemera. Munthu ameneyu mukamuuza kuti ayambe chaputala choyamba, mayeso amupeza ali pa chachinayi, pomwe malikisi ambiri ali m'chachisanu ndi chiwiri.

Njirayi ili ndi pomwe imaterera. Mukabwereza funso lomwelo kachitatu, mumaloweza yankho osati kachitidwe kake, ndiye manambala akasinthidwa pa mayeso mumangoti kakasi. N'chifukwa chake mafunso azichokera zaka zosiyana. Chachiwiri, wozolowera save state amadumpha bwino akangoyambira pomwepo, koma pa gemu yathunthu amafika pa 8-2 manja akunjenjemera. Pepala lonse la maola awiri, osaimitsa wotchi, lizilembedwabe kamodzi pa sabata, Lamlungu masana ngati ndilo tsiku lopuma.

Pomwe mutu wanga ukuimabe ndi pa warp zone. Mu gemu kudumpha dziko lachiwiri ndi lachitatu sikukubwezera m'mbuyo, koma masamu kapena akaunti za chaka chamawa zimamangidwa pa mitu yomwe wadumpha chaka chino. Kupasa upasa ndithu. Koma ngati zomwe wazisiyazo sizidzakutsata m'chaka chachiwiri, pamenepo sindikudziwa, ndikuganizabe.