Lipoti la ulendo wathu wa ku Alexandra

Monga tinapanganirana pa msonkhano wa mwezi watha, gulu lathu la chipeleganyu linapita ku Alexandra, dera la mumzinda wa Johannesburg, Loweruka kukaona mmene amayi a kumeneko amasungira ndalama ndi kutukulira dera lawo, ndipo ine mlembi wanu ndalemba izi kuti otsala asamve nkhani zopotoka. Tinalembetsa anthu 19 koma tinapita 14. Asanu enawo sindiwaweruza, pakuti tonse tikukumbukira kuti ziwawa zothamangitsa alendo za mu May 2008 zinayambira komweko.

Tinanyamuka pa renki ya Noord mochedwa, ndipo achimwene athu aja amene amadzitama kuti m'Joni muno mulibe msewu umene sanapondemo anakhala kutsogolo kuti azilondolera dalaivala. Anamukhotetsa pa malo olakwika, moti tinangozindikira tili pakati pa nyumba zamagalasi za ku Sandton, tikuzungulira ndi mapoto a usipa pamiyendo. Komabe kusokeraku kunatiphunzitsa kanthu, chifukwa titangodutsa msewu wa M1 tinalowa m'mikhukhu yothithikana, nsanja zija zikuonekabe kumbuyo kwathu. Mayi Msungichuma, amene anakulira ku Mtandire, ananena kuti ndi mmenenso iwo ankaonera mipanda ya ku Area 47 popita kukatunga madzi.

Otilandira anatifotokozera kuti Alexandra anakhazikitsidwa mu 1912 ndipo anali amodzi mwa malo ochepa kumene munthu wakuda ankatha kugula malo m'tauni, kuti Nelson Mandela anachitako lendi ali mnyamata, ndiponso kuti mu 1957 anthu anakana kukwera mabasi atakwezedwa mtengo ndi kobiri limodzi, n'kumayenda pansi mpaka m'tauni. Mu 2001 boma la Thabo Mbeki linalengeza ntchito yokonzanso derali ya R1.3 biliyoni, koma ku Stjwetla, m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei, anthu akadali m'mikhukhu imene madzi amalowamo chaka ndi chaka. Amayi otilandirawa amasonkha tsiku lililonse, ngakhale R5 yokha, amalemba m'buku, ndiponso anawerenga okha mikhukhu, mipopi ndi zimbudzi za m'dera lawo kuti akamapita kukhonsolo azinyamula manambala m'malo mwa madandaulo okha.

Nkhani imene ambiri mwaimva kale inachitika pa chakudya. Iwo anaphika pap, nsima yawo yolimba ija, chakalaka (ndiwo zamasamba zatsabola) ndi zipalapasiro, ife tinatulutsa usipa ndi mpunga wa Kilombero, ndipo zonse zinkayenda bwino kufikira pamene mayi athu amene amakhala m'nyumba ya kuseri kwa abwana awo ku Bryanston anafunsa, m'Chichewa mwamwayi, chifukwa chimene anthu amaumirira kugona m'mphepete mwa mtsinje ngati kuti malo anatha, n'kuwonjezera kuti ena umphawi amachita kuufuna. Achimwene athu a ku mikhukhu ya ku Diepsloot anasiya mbamu ili m'manja.

"Amayi, ndimakulemekezani, koma mukunena ine. Madzi otentha amene mumasamba ndi a abwana anu, ndipo tsiku limene ntchito idzathe mudzabwera kudzandifunsa mtengo wa malata."

Mayiwo anayankha kuti sanatchule munthu dzina, ena anayamba kuwerengerana amene amachedwa kusonkha mwezi ukatha, ndipo zinaoneka poyera kuti amene amalandira malipiro a pamwezi anakhala mbali imodzi, amaganyu mbali ina, monga mmene timakhaliranso pa misonkhano yathu osazindikira. Ine ndikuona kuti achimwene a ku Diepsloot aja analankhula zoona, ngakhale kuti akanatha kudikira mpaka titachoka pakhomo pa eni ake. Agogo ena mwa otilandira, amene Chichewa sachimva koma nkhope anaziwerenga, anapempha kuti awamasulire, ndipo atamva anayankha mosakwiya kuti anthu amakhala pamenepo chifukwa ntchito zochapa, zolondera ndi za m'madimba ku Sandton amazifikira wapansi, pamene malo akutali amadya theka la malipiro pa tekisi. Bambo Tcheya anapepesa m'malo mwa tonse, ndipo pobwerera awiri aja anakhala mpando umodzi, ngakhale kuti sanalankhulane mpaka pa Noord.

Achimwene a ku Diepsloot apempha kuti pa msonkhano wotsatira tikambirane zolola amaganyu kusonkha pang'onopang'ono sabata iliyonse m'malo mwa R500 ya pamwezi, ndipo ndaika nkhaniyi poyamba pa ndondomeko.

Ndikuthokoza amayi a ku Alexandra chifukwa cha ulemu wawo, Mayi Msungichuma chifukwa cha usipa umene otilandira anapempha kuti wotsala tiwasiyire, alamu athu amene anamasulira Chizulu tsiku lonse osamwa ndi madzi omwe, komanso dalaivala amene sanatilipiritse mafuta a ulendo wa ku Sandton. Wolondolera njira wathu wavomera kuti ulendo wina adzakhala mpando wakumbuyo. Amene anatenga chivundikiro cha poto wamkulu wa Mayi Msungichuma abwere nacho Lamlungu.