Zimene tinaphunzira zokhudza nsengwa pa ulendo wathu wa ku Blantyre

Tinanyamuka ku Chikwawa m'bandakucha, ife anamwino azamba a m'zipatala zing'onozing'ono za m'bomalo, ndipo titakwera chitunda cha Thabwa tinafika ku Chipatala cha Queen Elizabeth dzuwa lisanatenthe. Tinapita kukaphunzira kwa anzathu a ku wodi ya Gogo Chatinkha za matenda a preeclampsia, amene pa sikelo timawazindikira mayi akakhala ndi BP ya 140 pa 90 kapena kuposa apo pathupi patapitirira masabata 20, nthawi zambiri pamodzi ndi mapuloteni mu mkodzo.

Zizindikiro zake timazidziwa kale: mutu wosaleka, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka pansi pa nthiti za kumanja ndi kutupa nkhope. Chatsopano kwa ine chinali chakuti muzu wa vutoli suli mu mtima wa mayi, uli mu nsengwa, chiwalo cholemera pafupifupi theka la kilogalamu chimene ife timangochiyang'ana ngati chatuluka chathunthu n'kukachitaya.

Dokotala amene anatilandira anatifotokozera kuti m'miyezi yoyambirira maselo a nsengwa amalowa m'khoma la chiberekero n'kufutukula timitsempha topota timene timabweretsa magazi a mayi, kuti magaziwo azifika ochuluka koma mofatsa. Atamva kumene tachokera, mzamba wina wa pamalopo anati tiganizire Shire: pa Kapichira madzi amathamanga mwaukali chifukwa njira ndi yopapatiza, koma akafika kwathu m'chigwa amayenda mwakachetechete. Timitsemphato tikalephera kufutukuka, magazi amalowa mu nsengwa ngati madzi a pa Kapichira, nthawi zina ambiri, nthawi zina ochepa, ndipo okosijeni akamasowa n'kubweranso mobwerezabwereza, maselo amatulutsa tinthu taukali timene timawononga mafuta, mapuloteni ndi DNA za maselowo, monga mmene dzimbiri limadyera khasu. Tinthuti tikachuluka kuposa zotetezera za thupi, ndiye oxidative stress. Nsengwa yovulalayo imathira m'magazi a mayi puloteni yotchedwa sFlt-1, imene imagwira mapuloteni ena osamalira khungu la mkati mwa mitsempha, motero mitsempha ya impso, chiwindi ndi ubongo imayamba kudwala. N'chifukwa chake mankhwala otsiriza a matendawa ndi kubereka, nsengwa ituluke.

Mmodzi wa ife anafunsa chimene tonse tinali nacho m'mutu: ngati vuto ndi dzimbiri, bwanji osangopatsa amayi mavitamini olimbana nalo? Yankho linatigwetsa ulesi. Kafukufuku wa VIP, wochitika ku Britain n'kufalitsidwa mu 2006, anapatsa amayi amene anali pa chiopsezo vitamini C wa mamiligalamu 1,000 ndi vitamini E tsiku lililonse, koma matenda sanachepe, ndipo ana obadwa ochepa thupi anachuluka. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO silivomereza mavitamini awiriwa ngati chotetezera preeclampsia. Chimene limavomereza ndi kashiamu wa magalamu 1.5 mpaka 2 pa tsiku kumadera kumene zakudya zilibe kashiamu wokwanira, ndi asipilini wochepa mphamvu kwa amayi amene ali pa chiopsezo chachikulu, woyambidwa masabata 20 asanakwane. Matenda akakula, mankhwala a magnesium sulphate ndi amene amateteza mayi kuti asakomoke. Kafukufuku wa Magpie wa mu 2002 anaonetsa kuti amachepetsa kukomokako kupitirira theka.

Masana tinazungulira m'wodi n'kubwereza kawerengedwe ka mlingo wa magnesium sulphate, komanso kuyesa bondo, kuwerenga kapumidwe ndi kuyeza mkodzo poona ngati mankhwalawa sanachuluke m'thupi la mayi.

Pobwerera, nkhani m'galimoto inali ya masabata 20 aja. Amayi ambiri amene ine ndimawaona amayamba sikelo mimba itaonekera, chifukwa kwathu pathupi sipaululidwa msanga, ndipo pa nthawiyo, kwa amene ali ndi vutoli, timitsempha tija timakhala titalephera kale kufutukuka. Tinagwirizana kuti tikalankhule ndi alangizi a zaumoyo ndi mafumu za kuyamba sikelo mwezi wachitatu usanathe, ndiponso kuti mayi aliyense amene anadwalapo BP pa mimba yapita, wa shuga, wa impso kapena woyembekezera mapasa azilembedwa padera tsiku loyamba lomwelo n'kuonana ndi dokotala za asipilini.