Ngongole ya biliyoni chifukwa cha anyani

Inde, n'zoona, ndili ndi ngongole ya K1,073,741,823. Koma musanayambe kundinena, imvani kaye mbali yanga, chifukwa mmene akuifotokozera alamu anga pa Chitakale, zikumveka ngati ndinasaina nditaledzera. Ndinali bwinobwino. Ndinangomwa tiyi basi, wopanda ndi mkaka womwe.

Anyani otsika m'phiri anali atandithera chimanga kumunda kwathu cha ku Likhubula. Ndinaitana mwana wa achemwali anga, wa Fomu 3 uja, kuti azikawapirikitsa akaweruka kusukulu, ndidzampatsa K30,000 pamwezi.

"Amalume, imeneyo yachuluka," anatero, maso ali pansi. "Mungondipatsa K1 tsiku loyamba, K2 lachiwiri, K4 lachitatu. Muzingowirikiza kawiri mpaka akwane masiku 30."

Ine mumtima ndinati mwana woleredwa bwino ndi uyu. Ndine ndemwe ndinakakamira kuti tilembe m'kope, ndisaine, agogo ake adinde chala, kuopa kuti angasinthe maganizo. Ndine ndemwe, anthu inu!

Sabata yoyamba yonse inangokwana K127, vuto langa linali kusaka tindalama tachitsulo. Tsiku la 10 ndinapereka K512 ndikuimba mluzu. Tsiku la 14 inali K8,192, ndipo ndinakanda m'mutu pang'ono. Tsiku la 17 nditamva kuti K65,536, ndinazimitsa foni n'kuyamba kudzera njira ya m'munda wa tiyi popita kunyumba.

Mwezi utatha anandipeza pakhonde. Anagwada mwaulemu wake wonse, natsegula kope lija, n'kuwerenga nambala yonseyo pang'onopang'ono ngati akulengeza chopereka kutchalitchi. Tsiku lomaliza lokha linali K536,870,912. Ndinayang'ana kuphiri. Sapitwa, ndi mamita ake 3,002, anaoneka ngati chulu. Ndinayang'ana nkhuku zanga zitatu, nazonso zinayang'ana kumbali.

"Musadandaule, amalume," anatero. "Nambalayi ndi yokoma mtima. Mukaphatikiza manambala ake onse, 1, 0, 7, 3, 7, 4, 1, 8, 2 ndi 3, mupeza 36, ndiye kuti imagawika ndi 9. Mutha kulipira kwa miyezi 9, K119,304,647 pamwezi, popanda chenje."

Popanda chenje! Anainena ngati akundichitira chifundo. Ndiye sanalekere pomwepo. Akuti imagawikanso ndi 7, ngati ndikufuna kuthana nayo sabata imodzi, K153,391,689 patsiku. Imagawika ndi 11, kaya anyamata a timu yathu ya mpira angandithandize kusonkha. Imagawika ndi 31, ndi 151, mpaka 331. Ine thukuta lili kamukamu, iye akungotembenuza masamba a kope, agogo ake akugwedeza mutu ngati akumva zonse.

"Muthokoze kuti sitinapangane masiku 31," anapitiriza. "Ikanakhala 2,147,483,647, ndipo imeneyo siigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Anatsimikizira zimenezi ndi katswiri wa masamu uja, Euler, mu 1772. Mukanalipira kamodzi n'kamodzi."

Ndinathokozadi. Pakamwa panga panatuluka mawu akuti zikomo, sindikudziwa kuti ndimathokoza mwanayo kapena Euler.

Tsono inu amene mukuti masamu anandithawa, ndiuzeni, ndani mwa inu akanakana K1? Komanso ife nthawi yathu ankatiphunzitsa matebulo mpaka 12, zowirikiza mpaka biliyoni sizinali pa silabasi. Ndinawerengetsa ndekha usiku kuti pangafunike ma K5,000 oposa 214,000, ndiye musamati sinditha kugawa.

Achemwali anga ndiwo anaweruza mlandu, ataseka mpaka kugwira nthiti. Ndinagula nsapato za sukulu ndi kalikuleta, ngati kuti mwanayo amaifuna. Kope sanaling'ambe. Tikakumana amati, "Mwadzuka bwanji, amalume?" kenako amatchula yotsala, atachotsera K65,535 yomwe ndinalipira kale, komanso mtengo wa nsapato.

Chimanga ndinakolola matumba awiri. Anyani aja ankabwera m'mawa, iye ali m'kalasi.