Beira kapena Nacala? Tchuthi nchachifupi koma madam akufuna konse

Abale ndili pa mpanipani. Holide ya Ogasiti ikubwera, ana tikawasiya kwa agogo awo ku Ngabu, ndipo ine ndi mayi akunyumba tinagwirizana kalekale kuti chaka chino tikaone nyanja yamchere. Vuto ndi loti ine ndikufuna Beira, iwo akufuna Nacala ndi kachilumba kaja ka Ilha de Moçambique, ndiye poti palibe akufuna kugonja tinangoti basi tipite konse. Pakamwa zimaphweka. Koma pa msewu mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita oposa 1,000, pomwe tchuthi chathu ndi kasabata chabe, ndalama zake nazonso ndi zija mukuzidziwa.

Ndiyambe ndi kwanga. Kwa ife a kuno ku Nsanje, Beira sikunja kwenikweni. Umakwera mpaka pa Marka, kudinditsa pasipoti, kuoloka kulowa Vila Nova da Fronteira, kenako kamsewu kafumbi mpaka Mutarara. Pamenepo mpamene pali mlatho wa Dona Ana, uja anautsegula mu 1935, wautali pafupifupi makilomita 3.7 kudutsa Zambezi mpaka ku Sena. Agogo athu amakamba kuti kale sitima inkachoka ku Limbe, kutsika ku Bangula, Nsanje, Marka, kuoloka mlatho umenewu mpaka kukaima ku Beira, tiyi ndi fodya wa dziko lino zinkadzera mmenemo. Nkhondo ya ku Mozambique ndiyo inadula njirayi, kenako madzi osefukira a 1997 anadzakokolola njanji pafupi ndi Bangula, kumalizitsa. Koma mbali ya kwawoko njanji ya Sena anaikonza, sitima ya anthu ya CFM, kampani yawo ya njanji, yochoka ku Moatize imadutsa pamlathowo kupita ku Beira, ndipo ine mtima wanga uli pa sitima imeneyo, ngakhale siyenda tsiku lililonse moti umayenera kufunsiratu usanachoke pakhomo.

Chinanso, ku Beira Chisena chimayenda. Pamsika, mu chapa (maminibasi awo aja), ukangoyamba kupereka moni anthu amakutenga ngati wakwawo. Ndiye tili ndi amalume ku Manga, amene anakhala nafe kuno nthawi ya nkhondo mpaka mtendere utabwera mu 1992, anati tikadzagona ku lodge adzatidandaula mpaka kale. Malo ogona aulere amenewo, nsima yamadzulo yaulere. Masana tikaone lighthouse ya ku Macuti ndi chisitima chadzimbiri chija chinatitimira mumchenga pafupi pake, tikadutse pa Grande Hotel, chihotela chimene anamanga m'ma 1950 ndi cholinga choti chikhale chapamwamba mu Africa muno koma sichinathe ndi zaka khumi zomwe chikugwira ntchito, pano mumakhala mabanja ambirimbiri. Ndikufunanso ndikaone ndi maso anga mmene mzindawu unadzukira pambuyo pa namondwe Idai wa mu Malichi 2019, poti madzi a nyengo yomweyo ndi amene anatisamutsa kuno.

Madam akamva zonsezi amangoti, "Bambo a ana, inu mukufuna kukacheza ndi amalume anu, osati holide." Komanso akuti madzi a ku Beira ndi amatope. Apo sakunama, mtsinje wa Pungwe umathira pompo ndiye nyanja yake imaoneka yofiirira ngati Shire mu Febuluwale. Iwo akufuna madzi obiriwira oonekera pansi aja amawaona pa Facebook, ndipo amenewo alidi ku Nacala, ku gombe la Fernão Veloso. Doko la Nacala ndi lakuya mwachilengedwe, nchifukwa chake feteleza wathu wambiri ndi katundu wina amatsikira kumeneko. Ndiye Ilha ija sikutali ndi Nacala, umapatukira pa Monapo, kuoloka mlatho wopapatiza wa makilomita oposa 3. Kumeneko kunali likulu la Apwitikizi mpaka 1898 pomwe analisamutsira ku Lourenço Marques, komwe pano ndi Maputo. Kuli linga la São Sebastião ndi katchalitchi kakang'ono ka mu 1522 kumapeto kwa chilumba, ndipo UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1991. Zoona zake ndi zoti nanenso kandikopa.

Akutinso kumeneko adzakhala womasulira ndi iwo, eti poti anthu ake amalankhula Chimakhuwa chomwe nchapachibale ndi Chilomwe cha kwawo ku Phalombe. Chilomwe chimene mayiwa amachidziwa ndi moni ndi mayina a ndiwo basi, koma ndangokhala chete, banja ndi kupirirana.

Tsopano msewu wa pakati pa mizinda iwiriyi ndi umene ukundisowetsa tulo. Kuchoka ku Beira basi imayamba yalowera kumadzulo mpaka pa Inchope, kenako nkukhotera kumpoto pa msewu waukulu wa EN1, kudutsa mphepete mwa Gorongosa, kufika pa Caia pomwe pali mlatho wa Armando Guebuza uja anatsegula mu 2009 (kale anthu ankagona pamenepo kudikira pantoni), kenako Nicoadala, Mocuba, Alto Molócuè, Nampula. Mabasi ake amanyamuka m'bandakucha ndipo chigawo cha Inchope kukafika Caia chimadziwika ndi maenje, ukafika Nampula usiku ndiye kuti wayenda bwino. Mmawa mwake ukwerenso chapa makilomita ena pafupifupi 200 kuti ukaone nyanja. Taonani chinthu choseketsa: pa Caia umakhala wabwerera pafupi ndi kwanu, Nsanje ili chapompo kumpoto, ndiye kuti watsika mpaka ku Beira nkukweranso mtunda womwewo. Ndege ya Beira kupita Nampula iliko, koma matikiti awiri angadye thumba lonse, tikafika ku Ilha tizikangomwa madzi.

Pobwerera napo pali nkhani. Kuchoka ku Nampula mwina ukwere sitima ya ku Cuamba yomwe imatenga tsiku lathunthu, kudzalowera pa Nayuchi, Liwonde, Blantyre, nkutsika Thabwa. Apo ayi ubwerere ku Mocuba, Milange, kulowera pa Muloza ku Mulanje. Njira iliyonse ndi masiku. Ndikawerengera ndikupeza kuti theka la tchuthi lithera pa mpando wa basi, kunyanjako tingokasambitsa mapazi nkumathamangira depoti.

Za mapepala sizovuta kwambiri, Amalawi sitifunika viza pa ulendo waufupi ku Mozambique, bola pasipoti ikhale yamoyo ndipo uziyenda nayo mthumba chifukwa apolisi akumeneko amafunsa. Chovuta ndi ndalama zawo, ma metical, ndi mmene forex ikusowera muno. Foni ndiye tikagula SIM ya Movitel kapena Vodacom tikangooloka. Nkhani ina imene sindikuitenga mwachibwana ndi ya zigawenga za ku Cabo Delgado zomwe zinayamba mu 2017, nthawi zina zakhala zikulowa m'maboma a kumpoto kwa chigawo cha Nampula, ndiye wopita chakumeneko ayenera kumvetsera nkhani mpaka tsiku lonyamuka. Nyengo yokha ndiyo yatikomera, Ogasiti kulibe anamondwe, misewu yafumbi ndi youma, ndipo munthu wozolowera kutentha kwa ku Chigwa kuno palibe dzuwa lingamuopseze.

Dzulo usiku ndawauza maganizo anga. Chaka chino Beira yokha, modekha, tikadye matapa, chigwada chija amaphika ndi kokonati ndi nsinjiro, ndi ma prawns ogula kwa asodzi pagombe pomwe. Nacala ndi Ilha zikhale ulendo wapawokha wodzera pa Nayuchi kapena Muloza, poti kuchokera ku Blantyre njira yake njolunjika kusiyana ndi kuzungulira ku Beira. Avomera, koma pali zoti nditsatire: masiku awiri tikagone ku lodge ya ku Macuti osati kwa amalume, ndipo ndalama ya ku Ilha ndiyambe kuponya ku banki mkhonde mwezi uno, buku lake asunga okha. Chatsala nchoti ndiwaimbire amalume ndiwafotokozere za lodge zija, ndipo foni imeneyo ndikuizengereza.